Jekete la Agogo

Pochoka kwawo ali mnyamata ananyamula chithunzi chimodzi chokha: agogo ake aamuna ali pampando, atavala jekete lamizeremizere, cholembera m'thumba la pachifuwa, buku pabondo. Zaka zonse zakunja chithunzicho chinali pakhoma, ndipo mwana wake wamkazi anakula akumva kuti magazi awo ndi a anthu ophunzira. Poyamba agogowo anali kalaliki. Mwana akukula, iwonso ankakwezedwa pantchito m'manda momwemo: anakhala womasulira kukhoti, ndipo chaka chimene mwanayo analowa yunivesite anatsala pang'ono kukhala woweruza.

Tsopano mwanayo ankafuna kumva mbiriyo kwa munthu amene anawaona ndi maso. Ndiye anabwera naye kwa azakhali, mlongo wa malemu bambo ake. Msewu anaupeza utachepa. Pamene panali laibulale ankagulitsapo zikwama za mafoni. Analowa m'nyumba akudandaula, jekete lili m'thupi ngakhale kunkatentha.

“Wafika, Wakunja?” anatero azakhali. “Khala, usatigwere.”

Mwana anaika foni patebulo kuti ijambule mawu. Iye anatulutsa chithunzi mwaulemu ngati akupereka mwana wakhanda.

“Azakhali, muuzeni mdzukulu wanuyu za ntchito ya agogo kukhoti.”

Azakhali anachiyandikitsa kumaso, n'kuseka mpaka kutsokomola.

“Kukhoti anapitako, eya. Koma anaima mbali inayo.”

“Azakhali...”

“Jekete ili linali la wojambula zithunzi wa pafupi ndi siteshoni. Aliyense ankalivala. Lowa nyumba iliyonse mumsewu muno, ulipeza pakhoma: wometa, wogulitsa makala, onse ndi cholembera chomwechi. Bukulo taliona bwino, alizondotsa.”

Anayang'ana. Zaka zonsezo, iye wowerenga mabuku, anali asanaone.

“Nanga kukhotiko?” anafunsa mwana, maso akuwala.

“Anzawo akajambulitsa ankavula. Bambo anga anati akukataya madzi kuseri, ulendo unali womwewo. Madzulo ake anakafunsira amayi atavala lomwelo. Kwawo kwa amayi anati, ‘Tapeza kalaliki!’ Pamene apolisi ankabwera, mlongo wanga, agogo ako aamuna, anali kale m'mimba.”

“Zimitsa foniyo,” iye anauza mwana wake.

“Ayi, adadi, apa m'pamene yayamba kukoma!”

Anayembekezera kuona manyazi pankhope ya mwanayo, manyazi amene anakhala akumutchinjiriza kwa iwo moyo wake wonse. Koma mtsikanayo anali atagwira m'mimba chifukwa cha kuseka, misozi ili mbwembwembwe.

“Ndiye tonsefe tinachokera m'jekete lakuba?”

“Likanabwerera kwa eni ake, bwenzi kulibe iwe,” anatero azakhali. “Ndipo linkawakhala bwino, zimenezo usawamane.”

Kenaka anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa jekete la mwana wa mlongo wawo. Anaisisita nsaluyo ndi zala ziwiri, n'kuona mmene manja ake analekezera kutali ndi wotchi.

“Nanga ili ndi lako?”

Linali la mnzake wa kuntchito, kunyumba yosungirako okalamba kumene onse awiri ankasintha zofunda. Analibwereka kuti kwawo akamuone.

Mwana anayang'ana kudenga. Foni inali ikujambulabe.

“Ndikabweza,” iye anatero.

“Ndiye sunawatengere,” anatero azakhali. “Iwo sanabweze.”