Kumbuyo kwa Keke

Kompyutayo sinkaoneka ngati kompyuta. Kanali kabokosi kakuda kokhala pansi pa tivi, chingwe chimodzi chonenepa chopita ku tiviyo, zina ku masipika. Bambo wa m'nyumbamo anaigula kwa mnzake wakuntchito, ndipo sabata yonse pakamwa pake panali HD yokhayokha. Ankati zapafoni zija n'chifunga chabe, apa munthu ukhoza kuwerenga ndevu za wosewera filimu imodziimodzi. Mkazi wake ankangomuseka, koma ndi iye amene anaidziwa msanga kuposa mwini wake, poti ankatsala nayo masana. Filimu yaikulu ikayamba kudukizadukiza ankadziwa kuti kafani kadzaza fumbi, n'kukapukuta ndi mswachi wakale.

Lachisanu wojambula anabweretsa fulashi ya vidiyo ya phwando la mwana wawo, amene anali atangokwanitsa chaka. Mwamuna wake anaimba ali kuntchito kuti aikopere mu kompyuta, aonenso ngati ikuyenda bwino, chifukwa Lamlungu masana apongozi ndi alamu ake adzabwera kudzaonera.

Mwana atagona anaiyatsa, uku akupinda zovala. Zinalidi zina. Ankaona ulusi wa diresi lake, thukuta pamphuno pa apongozi, ngakhale ntchentche imene inatera pa keke. Kenako panafika pamene mwamuna wake ananyamula mwana kuti azime kandulo, anthu akuimba. Kumbuyo kwawo, pakhomo la kukhitchini, anadziona yekha. Anali atagwira khutu la mtsikana womupeza, mwana wa mwamuna wake amene mayi ake anamwalira, akulipotokola mpaka mwanayo kuima ndi zala zakuphazi.

Chifukwa chake ankachikumbukira. Mtsikanayo anagwetsa thireyi ya matambula, juwisi n'kutayikira pa nsapato za alendo. Koma m'mutu mwake chinatsala ngati kukoka pang'ono, komuchenjeza chabe. Pa kavidiyo kamene wojambula anatumiza pa foni tsiku lomwelo panalibe chooneka, timithunzi tiwiri togwedezeka basi. Apa nkhope yake inali poyera, mano ataluma ngati munthu wofinya bulangete. Ndipo mtsikanayo sanalire. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, anapita kukaima pafupi ndi keke, n'kumaimba nawo akumwetulira kamera.

Mayiyo anabweza vidiyo ija, n'kuimitsa, n'kubwezanso, malaya a mwana ali m'manja osapindidwa. Sanamve n'komwe nthawi imene mtsikanayo analowa kuchokera kusukulu. Atatembenuka anangoona chikwama pampando, mwini wake ali kuchipinda.

Pomukwatira mayiyo, mwamuna wake sanamupatse malamulo ambiri. Ananena chimodzi, kuti angapirire zonse, kupsereza ndiwo ngakhale pakamwa, koma tsiku limene adzaone mwana wakeyo akuzunzidwa, banja lidzathera pomwepo. Sanali munthu wolankhula kawiri. Mayiyo kopita analibe, kupatula kwa mkulu wake amene ankakhala m'chipinda chimodzi ndi ana atatu.

Loweruka lonse mutu unali pa kabokosiko. Kudula kachigawo ka vidiyo sankadziwa. Kuifufuta kunali kutaya nthawi, poti wojambula anali nayo ina. Akanaika yapafoni ija, mwamuna wake akanazindikira isanathe n'komwe nyimbo yoyamba. Mpaka anaganiza zotseka kafani ndi kansalu kuti kompyuta itenthe izizima yokha, koma ataima nako kansaluko m'manja anadziona kupusa, n'kukapukutira tebulo. Madzulo anamuikira mtsikanayo nyama yaikulu m'mbale. Mwanayo anathokoza, n'kuidula pakati, theka kupatsa mng'ono wake.

Lamlungu apongozi anafika, alamu anatumiza uthenga kuti achedwa, ayambe. Mwamuna wake anatseka makatani, anakweza masipika, n'kukhala pakati pa sofa ndi rimoti ngati dalaivala wa basi. Apongozi atangodziona pa tivi anadandaula kuti chimakinacho n'chamwano, chawaonjezera makwinya amene pagalasi la kwawo kulibe. Mwamunayo anawayankha kuti galasi lawo ndi limene limawanamiza pofuna kuti asalitaye. Anaseka onse, mtsikanayo naye atakhala pa kapeti.

Mayiyo anali pampando wa pakona, mwana pamiyendo. Ankadziwa ndondomeko yake yonse: alendo kulowa, mphatso, ntchentche pa keke. Pamene kandulo inayatsidwa, anamukumbatira mwanayo mwamphamvu.

Mtsikanayo anadzuka. Anatenga thireyi, n'kuyamba kutolera matambula pa katebulo ka kutsogolo kwa tivi, ataima ndendende mbali imene kunali khomo la kukhitchini. Ankatola limodzi, kuliika, kulisuntha, kutolanso lina.

"Iwe, kodi wasanduka katani?" anatero bambo ake, akupendeketsa mutu.

"Ndikutha, adadi."

"Matambulawo akuthawa? Tasuntha tione."

Apongozi anati amusiye mwana, ali ndi khalidwe, ena amsinkhu wake sadziwa n'komwe kumene kumakhala thireyi. Pamene mtsikanayo ankachoka, kandulo inali itazima, pa tivi pali iye mwini akuwomba m'manja. Bambo ake anamuloza monyadira kuti taonani mmene anasangalalira mwana wanga.

Mayiyo anapereka mwana kwa apongozi, n'kumutsatira kukhitchini. Anamupeza akutsuka matambula aja, ataimirira pa kampando chifukwa sinki inali yaitali. Anamufunsa motsitsa mawu chimene anaimira kutsogolo kwa tivi. Mtsikanayo sanatembenuke. Anati Lachisanu anawaona akubwezabweza pamenepo, ndiye anadziwa kuti sakufuna kuti adadi aone.

"Adadi akaona mukangana," anatero. "Ndiye mupita ndi mwana. Ine nditsalanso ndekha."

Mayiyo anafuna kunena kuti pepa, koma mawuwo anamuchepera. Anangoima atagwira chitseko cha firiji, akuyang'ana kamsana kakang'onoko, malamba a diresi atamangidwa mokhota chifukwa mwanayo ankadzimanga yekha m'mawa uliwonse. Wapulumuka, ndipo womupulumutsa ndi yemwe uja anamupotokola khutu. Mawa akadzagwetsanso china, mwanayu adzapukuta maso, adzamwetulira, ndipo adzadziwa kuti m'nyumba muno ntchito yake ndi kubisa.

Pabalaza panamveka chitseko ndi mawu a alamu, akupepesa kuti minibasi inafa panjira. Mwamuna wake anakuwa kuti onse abwere, akuiyambanso pachiyambi, achimwene asaphonye makwinya a amayi.

Mtsikanayo anatsika pa kampando, anapukuta manja pa diresi, n'kuyang'anayang'ana choti anyamule. Anatenga jagi ya madzi.

Mayiyo anamulanda jagiyo pang'onopang'ono, n'kuibweza pa sinki.

"Ukakhale pafupi ndi agogo," anatero. "Usadzukenso."

"Nanga akaona?"

"Aone. Si iwe unalakwa."

Analowa pabalaza mtsikanayo ali patsogolo. Alamu anamupatsa moni, iye anayankha, n'kukakhala pa sofa pafupi ndi mwamuna wake m'malo mwa pakona paja. Pa tivi alendo analowa, mphatso zinaperekedwa, apongozi anadandaulanso za makwinya. Kenako kandulo inayatsidwa. Mtsikanayo anacheuka n'kumuyang'ana, iye anapukusa mutu. Kutsogolo kwa tivi kunalibe munthu, ndipo anamva mwamuna wake, amene ankaimba nawo nyimbo ija, akusiyira pakati.