Amalume Awongola Ngalande

Ankamutcha Nazikhomo chifukwa ntchito yake inali yopima malo otsetsereka ndi kukhoma zikhomo posonyeza pokumba ngalande zotchinga madzi. Mapiri ena ankawapima ali phee. Ili ayi. Chigwembe chimene chinkalidya chinali chitameza kale chimbudzi cha mayi ake kumunsi, ndipo tsopano chinkanyambita khoma la kuchipinda kwawo.

Atakwera masana amenewo, kumwamba kutada bii, anapeza ngalande yakumbidwa, yakuya bwino, yowongoka ngati chingwe choyanikira zovala. Zikhomo zake zinali pamwala, zitamangidwa mtolo mwaulemu.

Amalume ake, omwe ankatsogolera okumba, anabwera akudzipepesa mphepo ndi chipewa.

"Takuwongolera, mwanawe. Mzere wako uja umayenda ngati munthu wochokera kumowa."

"Amalume, umayenera kukhota."

"Anthu atiseke? Azinena kuti mwana wa mlongo wanga anapita kusukulu kukaphunzira kukhotetsa?"

"Umatsata mimba ya phiri kuti madzi akalowamo aime, amwerere pansi. Uwu mwaupatsa miyendo."

"Madzi alibe maso. Adziwa bwanji?"

Nazikhomo anatulutsa lalanje m'chikwama n'kuliika pansi m'ngalandemo. Linayamba mwaulesi, kenaka linathamanga, kudumpha timiyala, mpaka linakagwera m'chigwembe. Okumba onse analiperekeza ndi maso.

"Lalanje labwinobwino," anadandaula wina.

Palibe anaseka. Madzi a phiri lonse anali atawakonzera msewu wopita kwa mayi ake.

Dontho loyamba linamugwera pakhosi. Nazikhomo anaimbira foni mayi ake.

"Mayi, tulukani m'nyumbamo."

"Ndili panja kale, ndikuanula zovala."

"Musalowenso. Pitani kutsidya kwa msewu."

"Ukundithamangitsa pakhomo panga? Achimwene andiuza m'mawa kuti phiri lakonzedwa. Ndikufuna ndigoneko, msana ukuwawa."

Foni inaduka. Anaimbanso, inangolira.

Analanda khasu kwa munthu amene anali pafupi n'kudumphira m'ngalande. "Tsekani pakati! Dothi, miyala, chilichonse. Iduleni zidutswazidutswa."

Amuna aja anayamba kugwetsera dothi m'dzenje limene analikumba sabata yonse. Mvula inatsika ngati yatumidwa. Chotchinga choyamba chinaima pang'ono, madzi ofiira anachizungulira, anachinunkhiza, n'kuchinyamula. Anamufika m'mawondo. Iye anapitiriza kukumba, khasu likutuluka ndi phala lokhalokha.

Amalume anali chiimire, atanyamula mwala waukulu, osadziwa pouika.

"Ndiike pati, mwanawe?"

Nazikhomo anayang'ana kumunsi. Denga la mayi ake linkaoneka mwa apo ndi apo m'mvulamo, chitseko chili chotseka.

"Tayani. Thamangani mukawatulutse. Akakana muwabereke."

Amalume anauponya mwala uja n'kuyamba kutsika, akuterereka. Njira yotsikira inali yokhotakhota. Madzi anadzera yowongoka.