Tozungulira ta mu Mtima wa a Walter

A Walter Isaki anasiya ntchito yaulonda pabwalo la ndege la Chileka atayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Adokotala anati mnofu wa mtima wawo wafutukuka, ukupopa magazi mwaulesi.

Mwana wawo Vanessa, wogwira ntchito mu labotale m'tauni, anayesa kuwalongosolera pa foni.

"Adadi, m'thupi muli timauthenga tonga ulusi totchedwa RNA. Tina timalumikiza nsonga zake n'kukhala tozungulira ngati mphete, ndiye thupi limavutika kutiphwanya. Akatswiri akufufuza ngati timeneti tikukhudzana ndi matenda anuwa."

A Walter anatolapo mawu amodzi basi: tozungulira.

Tsiku lomwelo mbale zonse zinatuluka m'nyumba. Mphete yaukwati anaivula ndi sopo. Akazi awo, mayi Elsie, analamulidwa kukazinga mandasi a makona anayi. Ngakhale mapiritsi ankayamba awasema ndi lezala asanameze.

"Nanga mutu wanuwo, bambo a Vanessa, tiusemenso?" anafunsa mayi Elsie.

Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wa a Walter ku Lirangwe, ndipo ankhoswe anali iwowo. Minibasi anaikana, wakabaza anamubweza: matayala ndi ozungulira. Ananyamuka wapansi atavala jekete ya kutchalitchi. Asanapite patali mpweya unawathera, anakhala pansi pa mtengo wa malalanje. Atayang'ana m'mwamba n'kuona zipatsozo, anakwawira padzuwa.

Mayi Elsie, omwe ankawalondola m'mbuyo, anaimbira Vanessa n'kuwaika foni pakhutu.

"Adadi, simunandimvetse! Mbale zalakwa chiyani? Ndiponso tozungulira tina timaoneka kuti timateteza mtima."

"Timateteza?"

"Tina, eya. Kafukufuku adakali..."

A Walter anali atadula kale. Anaimitsa wakabaza, anamupempha tayala lakutha, n'kulikoleka m'khosi kuti likhale pafupi ndi mtima.

A Walter atafika ku Lirangwe, akuchimuna anaona munthu akuwefuka, tayala lili m'khosi. Anangoti ndi wakuba wothawa kuotchedwa. Mayi wina wachifundo anakuwa, ananyamula ndowa ya thobwa n'kuwakhuthulira yonse pamutu kuti azimitse moto umene panalibe.

A Walter anapukuta m'maso, ananyambita milomo, n'kunena kuti shuga wachepa. Mwambo wonse anauyendetsa ali chinyowere, njuchi zikuwatsatira mpaka pogawa nkhuku.