Ulusi Ufunsidwe Ukadali Moyo

Keziah anatsika minibasi ku Kanakantapa fumbi litamuyeretsa nsidze, laputopu ili kumsana, ukali ukumuyendetsa ngati wathamangitsidwa. Ku ofesi, ku Lusaka, ankayenera kufika m'mawa womwewo, koma atatuluka pakhomo pake ku Chongwe anakhotera kwina. Ankadziwa kuti Lazarous, mkulu wake wa pantchito, anali m'njira ndi galimoto ya kampani kudzazula bokosi.

Bokosilo linali kakompyuta kofanana ndi njerwa, kokhomedwa m'kanyumba ka pampu ka gulu la alimi a kumeneko. M'menemo munkayenda pulogalamu imene Keziah analemba, yogawa madzi m'madimba: kutsegulira wa matimati, kutsekera wa repu, kuzimitsa pampu thanki ikadzaza. Vuto linali limodzi. Dzuwa likafika pamutu, madimba onse akamafuna madzi nthawi imodzi, pulogalamuyo inkangofa fwaa. Ku Lusaka, pa makina a mu ofesi, sinafepo ngakhale kamodzi. Akuluakulu anagamula atakhala pa mipando yozungulira ya mu ofesi: bokosi lizulidwe, lifufutidwe, muikidwe pulogalamu yogula kunja, ndipo Keziah akakhale pa tebulo loyankha mafoni a makasitomala. Anatero mokoma, akumwetulira, ndipo kumwetulirako n'kumene kunamuwawa kwambiri.

Pulogalamu ya mtunduwu ili ndi antchito angapo ogwira ntchito nthawi imodzi, wina pa pampu, wina pa thanki, wina pa mapaipi a m'madimba. Odziwa za makompyuta amawatcha maulusi. Ulusi uliwonse ukamayamba umapatsidwa malo ake ounjikapo zinthu pogwira ntchito, ndipo ukaunjika mopitirira malowo umagwa, n'kugwetsa anzake onse. Buku la kampani linkati malowo ndi aakulu, osadzaza. Aliyense analiwerenga bukulo, aliyense analikhulupirira. Dzulo lake, ali pa mzere wa basi, Keziah anazindikira kuti palibe amene anafunsapo ulusi weniweniwo, ukuyenda m'bokosi lenilenilo, kuti unapatsidwa malo otani. Njira yofunsira ilipo, koma ulusi umayankha ukadali moyo basi. Bokosi likafufutidwa, wofunsidwa palibenso.

Makiyi a kanyumbako ankasunga ndi amayi Febby, wapampando wa gululo, mayi wamkulu thupi ndi msinkhu womwe, amene sankathamangira kanthu kalikonse padziko lino. Keziah anawapeza akusankha matimati pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi amayi ena a gulu. Anagwada, nawapatsa moni wachidule mochititsa manyazi.

"Bamai, nipaseniko makiyi. Babwera kutenga bokosi."

"Nanga si yafa-ifa? Matimati yanga yanyala, mwana wanga."

"Nifuna kuifunsa ikalibe kuchoka."

Amayi Febby anasiya kusankha matimati. Za maulusi anali asanamvepo, koma milandu ya pagulu anaweruzapo yambiri.

"Manje aba ba ku Lusaka baweruza, mwine wake wa mulandu sibanamufunse?"

"Bafunsa buku chabe."

"Buku inaliko kuno?"

Anamasula makiyi pa ngodya ya chitenje, namuponyera.

M'kanyumbamo munkatentha ngati mu uvuni. Keziah anakhala pansi pa simenti, nalumikiza laputopu ku bokosi ndi chingwe. Kanyali kobiriwira kankaphethira, pulogalamu inali moyo. Koma kuti afunse, ankayenera kutumiza kaye m'bokosimo chida chofunsira, ndipo kabokosi kotchipa kaja kankameza zinthu pang'onopang'ono ngati wodwala pakhosi. Kamzere ka pa sikirini koonetsa pamene kutumizako kwafika kanali kasanafike pakati pamene anamva galimoto ikuima panja. Anachita mantha, tisabise. Kenaka mantha aja anasanduka liuma, ndipo anasuntha n'kukhala motsekereza soketi ya magetsi a bokosilo ndi msana wake.

Lazarous sanali munthu woipa. Anali munthu wotumidwa, wa nsapato zopukuta ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya, wofuna kubwerera ku tauni misewu isanadzaze. Anatsika akuloza kale kukanyumba. Koma kuti afike pakhomo, njira inkadutsa pansi pa mango paja, ndipo pamenepo panali pataikidwa kale mpando.

"Fikani, batate," anatero amayi Febby. "Nkhalani."

"Zikomo bamai, koma nili mu changu pang'ono."

"Changu tizaimvela mukankhala."

Munthu woleredwa sadutsa mayi wa msinkhu wa amayi ake akumulozera mpando. Lazarous anakhala, m'mphepete mwenimweni. Amayi Febby anayamba moni. Anafunsa za iye, za a kunyumba, za ana mmodzimmodzi, za msewu, za mvula ya ku Lusaka ngati kuti Lusaka ili kutsidya kwa nyanja. Atatha iwo anabwera amayi Clotilda, mlembi wa gulu, nagwada, nayambira pachiyambi penipeni. Pambuyo pawo panali kale mzere. Amayi amene masiku onse ankangokweza dzanja ali m'dimba, tsikulo aliyense anapukuta m'manja, nabwera kudzagwada, ndipo aliyense anafunsidwanso ndi mlendoyo mmene wadzukira, poti moni sabweza theka. Wina anabweretsa madzi osamba m'manja. Wina anatulukira ndi chimanga chootcha chimene palibe anaona pamene chinaikidwa pamoto.

Keziah ankamva zonsezo kudzera pa zenera, akuluma mlomo kuti asaseke. Kamzere kaja kanafika kumapeto. Analowa m'pulogalamu ikuyenda, nasankha ulusi wa mapaipi, uja wonyamula katundu wambiri masana, nalemba funso lake: malo ako ayambira pati, ndi aakulu bwanji?

Chitseko chinatseguka. Lazarous anaima pakhomo chitsononkho chili m'manja, nkhope itasintha.

"Keziah. Ku ofesi bakufunafuna kuchokela kuseni."

"Niziba."

"Choka apo pa soketi."

"Sinizachoka, ba Lazarous."

"Uziba kuti ungataye nchito pa ichi?"

"Nchito mwanichosa kale. Ija ya mafoni si yanga." Msana wake sunasunthe. "Mukafuna kuzula, muyambe kunyamula ine. Koma muone kaye ichi."

Anatembenuza laputopu. Yankho linali litabwera, timizere tiwiri tokha. Buku linkalonjeza mamegabaiti asanu ndi atatu pa ulusi uliwonse. Ulusi wa m'bokosi unati unapatsidwa makilobaiti 128. Munthu analonjezedwa nkhokwe, napatsidwa kambale, ndiye onse n'kumadabwa kuti chimanga chikutayikiranji.

Lazarous anagwada pa simenti ndi buluku lake losita, nawerenga. Anakoka laputopu, nafunsa yekha ulusi wa pampu, kenaka wa thanki. Onse anayankha chimodzimodzi. Makina a mu ofesi ankapereka malo aakulu osapemphedwa, kabokosi aka kankapereka pang'ono pokhapokha utapempha. Ndipo tsamba la m'buku lonena kuti kupempha n'kutaya nthawi analemba ndi Lazarous yemweyo, kalekale, asanagule mabokosi otchipawa. Keziah ankadziwa zimenezo. Zinamufika pa lilime, zokoma ngati uchi, koma anazimeza.

"Ni mzere umozi chabe mu pulogalamu," anatero. "Nipempha malo, niyasa futi, nifunsa futi ngati yapasiwa. Nipaseni masana ya lelo."

Lazarous anayang'ananso pa sikirini. Thukuta linkatsika m'khosi mwake. Panja amayi aja anali atasiya matimati, ataunjikana pakhomo, amayi Febby patsogolo manja ali m'chiuno, ngati kuti mlendo akafuna kutuluka ndi bokosi adzafunika kutsanzika aliyense payekhapayekha.

Foni inalira m'thumba la malaya, pafupi ndi sikuludiraiva. Anali a Sanford, mwini kampani, amene anasaina kale za pulogalamu yakunja ija ndipo sankakonda kumva mawu akuti koma. Lazarous anayang'ana dzinalo mpaka foni inatsala pang'ono kuduka, kenaka anayankha. Mawu a mkuluyo ankamveka m'kanyumba monse, akufunsa ngati bokosi lili kale m'galimoto.

"Iyayi, ba bwana. Ikali pa chipupa."

Mawu aja anakwera.

"Keziah ali kuno. Akana kuchoka pa soketi."

Mawu aja anakweranso, ndipo Keziah anamva dzina lake likutchulidwa pamodzi ndi kalata yomuchotsa ntchito. Anaganiza za nyumba yake yosamaliza ku Chongwe, ya mazenera otseka ndi malata, koma sanasunthe. A Sanford analamula kuti amukankhe ngati n'kofunika, azule bokosi, abwere nalo.

Lazarous anayang'ana timizere tiwiri tija, nayang'ana mtsikana wokhala pa fumbi atatsamira soketi. Anatulutsa sikuludiraiva m'thumba, naipereka kwa amayi Febby.

"Ba bwana," anatero pa foni, "makalata mulembe yabili. Na ine nakana."