Zala Zakuda za Kafunso

"Tambasula manja ndione."

Kafunso anabisa manja kumbuyo. Amayi ake anamukokera pazenera n'kumufunyulula zala mokakamiza. Chala chachikulu ndi cholozera zinali ndi mawanga akuda bii, ena ali pachikhatho. Anathamangira naye kubafa, namusambitsa ndi sopo, namukhula mpaka mwana analira, koma mawangawo sanasunthe. Anali m'khungu lenilenilo.

Zala zoterezi anali atazionapo. Amuna awo, mphunzitsi wa sayansi, anali nazo m'masabata omaliza a moyo wawo. Akawafunsa ankangoseka, amvekere, "Ndi za kuntchito izi, amake mwana." Kenako tsiku lina anagwa m'kalasi choko chili m'manja, osadzukanso. Dokotala anati ndi mtima, ndipo mayiyo anavomera, nanga akanatsutsa ndi chiyani? Tsopano, maso asanaphwe n'komwe ndi kulira, mdima uja unali pa zala za mwana wawo mmodzi yekhayo.

Azakhali a Kafunso, mchemwali wa malemu, anali ataima pakhomo la bafa. Iwowa anatsalira anthu onse atabalalika, ati kutonthoza mlamu wawo, ngakhale kutonthoza kwake kunali kotsegula makabati ndi kununkhiza zivundikiro za mabotolo.

"Zala za mchimwene wanga ndinaziona asanatseke bokosi," anatero motsitsa mawu. "Mtima unayamba liti kudetsa zala? M'nyumba muno muli chinthu, mlamu. Kaya mukuchidziwa, kaya simukuchidziwa."

"Mukuti ndinawapha ndine?"

"Sindinatero. Koma mwanayu ndinyamuka naye lero. Kwathu watsala ndi yemweyu."

Amake Kafunso anafuna kukalipa. Chimene chinawaopsa kwambiri n'chakuti mbali ina ya mtima wawo inkavomereza: kuli bwino mwana akakhale moyo kutali kusiyana n'kuti afere m'manja mwawo. Anagwada, namugwira Kafunso pachipumi.

"Mutu ukupweteka? Nanga pamtima apa? Wagwira chiyani, mwanangu?"

Mwanayo anangopukusa mutu, milomo ili tseke. Uyu ndi mwana amene bambo ake anamutcha Kafunso chifukwa ankafunsa kuyambira podzuka mpaka pogona: mthunzi umagona kuti, sopo amalowa kuti akatha. Chichokereni kumanda anali asanafunse kanthu ngakhale kamodzi.

Azakhali anayamba kulonga timadiresi m'chikwama. Mayi anavala nsapato zosiyana osadziwa, akuti ayambe apita naye kuchipatala. Ali pakati pokanganirana dzanja la mwana, kunja kunamveka odi.

Anali Madamu, mphunzitsi amene ankagawana chipinda cha sayansi ndi malemu. Anali ataimba foni dzulo lake kuti adzatenga katoni ya zipangizo za sukulu imene malemu anabwera nayo kunyumba pokonzekera maphunziro. Anatambasula dzanja kuti apereke moni, ndipo azakhali anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mpando. Zala za Madamu zinali ndi mawanga omwewo.

Madamu anayang'ana dzanja lawo, nayang'ana la mwana, nkhope yawo n'kusintha. Anaponya kachikwama pansi n'kugwada.

"Kafunso, watsegula kabotolo kofiirira ka m'katoni kaja?"

Mwana anagwedeza mutu pang'ono.

"Unalawa? Unadzitikita m'maso? Yasamula ndione. Tulutsa lilime."

Madamu anamutembenuzira kuzenera, namuyang'ana m'kamwa, namukoka zikope, diso ili kenako linalo. Atamaliza anakhala pansi penipeni, pasimenti, ngati munthu amene watula katundu wolemera.

"Palibe chalowa. Zikanakhala m'maso kapena m'mimba, bwenzi pano tikuthamanga. Koma pakhungu, mankhwala osungunula ngati amenewa amangodetsa. Zidzachoka zokha khungu likamasuluka."

"N'chiyani chimenechi?" anafunsa mayi.

"Mankhwala a siliva. M'botolo amaoneka ngati madzi. Akakudontherani simuona kanthu mpaka dzuwa liwawombe, ndiye amada. N'chifukwa chake botolo lake ndi lofiirira, kuti kuwala kusalowe. Ana tikawauza kuti kuwala kumayenda ngati mafunde ndipo kumanyamula mphamvu, amangokopera pabolodi, maso ali pakhomo. Amuna anu zimenezo zinkawapweteka. Ndiye ankanyika pepala m'madzi amchere, kulipaka mankhwalawa, kuliumitsa mumdima. Mwana aliyense ankaikapo kiyi kapena tsamba n'kutuluka nalo padzuwa. Pepala lonse limada, pamene pali tsamba pokha n'kutsala poyera. Kalasi yonse inkakuwa."

"Ndiye si zimene zinamupha?" anafunsa azakhali.

"Zikanakhala zopha, mayi, ndikanatsogola ndine. Ine ndi amene ndimadontheza kwambiri."

Amake Kafunso anagwira khoma. Katoni ija malemu ankaiika pamwamba pa kabati, yomanga ndi chingwe. Anthu a pamaliro ndi amene anaitsitsa pofuna poika zikwama zawo, ndipo panalibe anakumbukira kuibwezera. Mantha atayamba kuchoka, m'malo mwake munalowa mkwiyo.

"Iwe, unkafunamo chiyani? Ukanafa ine ndikanatani?"

Kafunso anathawira kuchipinda. Anabwerako atakumbatira kanthu kafulati kokulungidwa m'jekete yakuda ya bambo ake.

"Adadi akufufutika," anatero. "Anati ndiziwaona mumdima, pang'ono pokha. Koma mumdima sindimaona bwino, ndiye ndimapita nawo panja. Ndimafuna ndiwapakenso mankhwala abwerere."

Madamu anazindikira kuti linali limodzi la mapepala aja, nayang'ana kumbali. "Pali mankhwala ena oimitsa kuti pepala lisapitirize kuda. Ifeyo tilibe. Ndiye nthawi iliyonse kuwala kukaligwera, poyera paja pamada pang'ono."

Mayi anapita kukakoka makatani. Makatani ake anali aja ogula mopanda kuyeza, sankakumana pakati, ndipo mzere wa dzuwa unkagwera patebulo penipeni. Anayesa kuwakoka, uku akatseka uko kukutseguka. Azakhali anaika chikwama cha timadiresi pansi. Anapita pazenerapo, natembenuka, natseka mpatawo ndi msana wawo.

Mayi anafunyulula jekete. Pepala linali lofiirira moderako, ngodya imodzi itada bii pamene mwana anathira mankhwala. Pakati panali manja awiri otuwa, lalikulu ndi laling'ono, ogundana. Chala chachikulu cha dzanja lalikululo chinali chitapanikiza kamkono ka mwana, monga ankachitira powoloka naye msewu.

"Anati ndisagwedezeke, kuwala kukugwira ntchito," anatero Kafunso.

Azakhali anasuzumira ali pomwepo, osasuntha msana. Chala chaching'ono cha dzanja lalikulu chinali chokhota pansonga.

"Ndinamupana ndi chitseko tili ana," anatero. "Bambo atafunsa, iye anati wagwa yekha."

Kafunso anayang'ana pepala, nayang'ana Madamu.

"Ndiye tikamawaona amatha?"

"Pang'onopang'ono, mwanangu. Mumdima amakhalitsa."

Amayi ake anamva funsolo, loyamba chichokereni kumanda, ndipo misozi inatsika osaipukuta. Anagwira kadzanja kamawanga kaja n'kukafumbata mwamphamvu.

"Kulungani msanga, mlamu," anatero azakhali. "Musiyireko mwana za mawa."

Dzuwa linkawaotcha pakhosi ndi pamapewa, koma sanachoke pazenerapo mpaka mkono womaliza wa jekete utapindidwa.