Msoko wa Kumbuyo

Mayi telala ankakhulupirira tepi yoyezera kuposa pepala lililonse, poti tepi sinyengerera munthu.

Amuna awo, omwe kale ankayendetsa basi, anali ndi khansa yosaonekaoneka, yodzaza m'mimba ndi zinthu zonanda ngati mamina. Chiwachitireni opaleshoni, miyezi itatu iliyonse ankakayezetsa magazi kuti aone nambala ina imene imakwera khansayo ikamabwerera. Dokotala anachenjeza kuti kwa ena nambalayo imangoti phee matenda akukula, koma bambowo mawu amenewa anawasiya pageti pa chipatala.

"Amayi, sinakwere!" ankatero pofika, kapepala kali m'mwamba. "Chaka chino ndibwerera pachiwongolero."

Akatero ankavala thalauza la kuntchito n'kuima pagalasi. Likawakwana, sabata imeneyo ankadya mpaka kupempha zina.

Komatu linkawakwana chifukwa cha mayi telala. Bambo akangopita kuchipatala, iwo ankamasula msoko wa kumbuyo, kukulitsa chiuno pang'ono poti mimba ya bambo inkakulirakulira, kusoka, kusita. Zaka zonsezi ankakalipira makasitomala obweza mimba poyezedwa, lero wabodza anali iwo. Nanga akanatani? Ankalakalaka atamvanso amuna awo akusokosera m'mawa pofunafuna makiyi. Ankalisowa ngakhale fungo la dizilo lija, lomwe kale ankalinyinyirika pochapa.

Lachinayi lina anamasula msoko uja n'kupeza kuti nsalu yokulitsira yatha. Anangokhala pamakinapo, manja ali lende, mpaka chitseko chinatseguka.

Bambo analowa ndi kapepala kawo. Anayang'ana thalauza lomasulidwa lili pamiyendo pa akazi awo, nakhala pansi pang'onopang'ono, atagwirira mimba.

"Nsalu yatha eti?"

"Mumadziwa?"

"Aa, amayi. Nanga lamba mumandiboolera ndinu? Akathina ndimaboola ndekha ndi msomali, kuseri uko."

Mkwiyo unawabwerera mayi telala limodzi ndi misozi. "Ndiye zapagalasi zija mumachitiranji? Kundipusitsa?"

"Likandikwana mumaseka," anatero bambowo. "Ndiye ndimveranso kuti kuseka kwanu masiku ano?"

Anapinda kapepala kaja n'kukaika pambali pa sizasi.

"Mawa tipitire limodzi kwa dokotala. Mutenge tepi yanuyo, mukamuuze zonse. Koma lero lokha, ikanimoni kansalu kena, ngakhale kosiyana mtundu. Ndikufuna ndilivale kamodzinso, inu mukundiona."