Zikhomo Zofiira za ku Mbezi

Zaka zimenezo boma la Tanzania linali litamasula dzanja pa nkhani ya malo, ndipo aliyense mu Dar es Salaam, ngakhale wokazinga chinangwa, ankalota puloti ku Mbezi. Kumeneko n'kumene aphunzitsi, a Tomasi, anatumiza Temwa, mtsikana wa ku Malawi wophunzira zopima malo, kukachita mayeso omaliza. Ntchito inali yoti apime tchire, akhome zikhomo zofiira m'malire, iwo adzayendere mawa lake. Akalephera, basi, sukulu yathera pomwepo, abwerere ku Ekwendeni kumene bambo ake anali atalengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo ndi bwana wa malo.

Kupima anapima bwino, tisamunamizire. Vuto lake linali matama. Mkulu wina, a Shomari, atabwera ndi kokonati wamuwisi n'kunena kuti, "Karibu, afisa," mtsikanayo sanakane kutchedwa ofesala wa boma. Akane bwanji ulemu waulere?

"Zikhomozi n'zachiyani, afisa?"

"Pamene paima chikhomo chofiira," anatero Temwa atakweza mapewa, "ndiye kuti boma lavomereza malirewo."

Pakamwa, abale! A Shomari anachoka pamenepo ndi liwiro losayenera msinkhu wawo.

M'mawa Temwa anatsika daladala, minibasi ya kumeneko, limodzi ndi a Tomasi. Patchire paja panali mbee, chikhomo ngakhale chimodzi. Zonse zinali zitasamuka. Zinayi zinazungulira khola la mbuzi la a Shomari, china chinaima kuseri kwa chimbudzi cha eni ake, china mayi wina anachita kuchikhalira kuopa anzake.

Temwa anaiona kale basi yobwerera kumudzi, ndi nkhope ya bambo ake.

"Kupima kwake n'kumeneku?" anakalipa a Tomasi. "Ndakuphunzitsa nthawi yonseyi kuti uzidzapimira mbuzi?"

Anayenda akutsata zikhomo, akulalata, Temwa ali pambuyo akumeza misozi. Kenako anafika pamaziko a nyumba yatsopano, ngodya iliyonse ili ndi chikhomo chofiira, chinanso chitalowa m'munda wa oyandikana nawo. Pakati panaima mayi atagwira hamala.

"Baba Edna!" anafuula mayiyo mwansangala ataona a Tomasi. "Mwabwera? Taonani, puloti yathu ija boma lavomereza! Ndapezako zisanu. Chinacho ndakuzirako kumapapayako."

Anali akazi awo, a Theresia.

A Tomasi anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Akazi awo anali adakali pomwepo, hamala ili m'manja.

"Temwa," anatero chapansipansi, "mayesowa tibwereza mawa. Zalerozi ine ndi iwe sitinazione."

Temwa anangoti phuu, mtima m'malo. Koma asanathokoze n'komwe, a Shomari anamukoka malaya.

"Afisa, mawalo mubwere nazo zambiri. Ena sanapeze."